Dzanja pa Phewa

Shopu yanga ili ku Limbe, kuseri kwa depoti,
pakati pa wokonza mafoni ndi telala wosalankhula.
Ndimasindikiza nkhope:
za pasipoti, za ukwati, ndi za omwe anatsogola.

Lachitatu kunali chiperoni.
Esinala Matewere analowa atanyowa mapewa,
nasolola kachithunzi m'buku la nyimbo.
"Bambo anga awa. Loweruka tikuvundukula chiliza.
Mundikulitsire, chakuda ndi choyera, monga chilili."

Njira zilipo ziwiri, ndinatero.
Yoyamba ndi batani limodzi:
inki yakuda yokha, pepala wamba,
mphindi zitatu mwanyamula.
Koma khungu lathuli makinawa salidziwa,
amangolithira ngati phula pamsewu,
chotsala ndi maso ndi kolala ya shati.

Yachiwiri ndiyo matenda anga.
M'makina akale aja ndinakhuthula yofiira, yachikasu, yabuluu,
ndikuthiramo mitundu isanu ndi umodzi ya kutuwa
yomwe ndimasungunula ndekha ndi jakisoni:
utsi wa minibasi, malata a ku Ndirande,
phulusa la mbaula, mtambo wokhala pa Soche,
makala onyowa, ndi usiku magetsi atathima.
Imeneyo imadya tsiku lathunthu, pepala la ku Joni,
ndi ndalama ya thumba la simenti.

"Pangani zonse," anatero. "Ndidzasankha ndikaona."

Binwelo, mnyamata wanga, anaseka atatuluka mayiyo.
"Bwana, anthu amangofuna kudziwa kuti ndi yemweyo.
Inu mumafuna mpaka mumve fungo la jekete."
Anadina batani lake, napita pachiwaya.

Ine ndinatsala.
Ndinasindikiza makwerero a kutuwa, makumi awiri ndi limodzi,
atatu omalizira anagwirana ngati abale pamaliro.
Ndinawalekanitsa pakompyuta, pang'ono, pang'ononso.
Magetsi anapita. Anabwera.
Kabowo kamodzi ka inki kanatsekeka,
chipumi cha malemu chinatuluka mizeremizere ngati munda.
Ndinatsuka. Ndinayambiranso.

Pakati pa usiku bamboyo anayamba kutuluka m'makina,
chipewa choyamba,
kenako makwinya, chipsera cha pachibwano,
batani losokedwa ndi ulusi wosiyana ndi anzake.
Ndipo kumanzere, komwe kale kunali mdima wa bii,
paphewa pake,
dzanja.
Zala zinayi zowonda, chibangili,
mwini wake atadulidwa ndi sizasi kalekale.

Ndisaname, ndinanyadira.
Ndinachiyanika pawaya, ndinagona pabenchi nditavala nsapato.

Lachisanu ndinayala zonse ziwiri pakauntala.
Choyamba anangochiyang'ana, nagwedeza mutu.
Pa chachiwiri anakhalitsa.
Analondola chipsera chija ndi chala, osakhudza pepala,
anamwetulira, "Njinga ya kapasule imeneyo, ku Chirimba."
Kenako maso anatsikira paphewa.

Panja kondakitala ankakuwa, Bangwe, Bangwe, awiri tinyamuke.
Makina a telala anaima, anayambanso.

"Amayi sankavala zibangili," anatero.
Sankauza ine.
Anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, nayang'ananso.
"Loweruka amayi adzakhala kutsogolo.
Ndikulungireni cha mnyamatayu."

Analipira zonse ziwiri, osanenerera.
Chinacho anati ndichite nacho zomwe ndifuna.
Anatuluka atapanira bambo ake m'khwapa,
nkhope yakuda bii, maso awiri, kolala yoyera,
phewa lopanda kanthu.

Binwelo sananene chilichonse,
anangotenga tsache, ngakhale anali atasesa kale.

Chithunzicho chili m'kabati, pansi pa malisiti.
Pa ntchito zonse zomwe ndagwira m'shopu muno
palibe yoposa imeneyi,
ndipo sindingaipachike pakhoma.
Nthawi zina, makasitomala akachepa,
ndimachitulutsa kuti ndione ngati inki ikusuluka.
Siikusuluka.
Wogulitsa pepala uja anati zaka zana,
ndipo ndikuopa kuti sananame.