Funso Lachitatu pa Fomu

Ndinamuona koyamba pa bwalo la sukulu ku Mkanda,
fumbi la Okutobala likukukutika m'mano.
Analibe jombo. Phazi lamanzere analikulunga ndi kansanza.
Anadutsa anyamata anga atatu,
anyamata othamanga ndi thumba la mchenga kumsana
lipenga lisanalire,
nkuwasiya ali chilili ngati zitsa m'munda wa fodya.
Kopolo Nkhwazi anagwa chagada,
nakhalitsa pomwepo akuwerenga mitambo.

Ine ntchito yanga ndi mafomu.
Zaka khumi ndi zinayi ndinali pagolo;
bondo litakana, anandipatsa cholembera.

Dzina? Yotamu Sakala.
Zaka? Khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Dziko?

Anakanda m'mutu, naloza ndi mlomo
kuseri kwa mitengo ya bulugamu.
Kwawo ndi apo, mapazi mazana atatu kudumpha mwala wa malire.
Madzi amatunga pa mjigo wa kuno,
chigayo ndi cha kuno, Sitandade 8 analembera kuno,
maungu a mayi ake amayanga
kulowa m'Malawi osadinditsa pasipoti.
Koma chitupa m'thumba mwake nchobiriwira,
cha ku Chipata.

A Meja Chimkwita anachitembenuza kawiri
ngati ndalama yokayikitsa.
"Sajeni, jezi iyi ili ndi mkulu wake, yunifomu.
Mawa kukavuta,
wakumapiko wathu anyamula mfuti, goloboyi akumba ngalande.
Mlendo alumbira pa mbendera iti?
Tizimudutsitsa pa geti m'mawa uliwonse,
pafupi ndi mosungira zida,
chifukwa choti ali ndi phazi lamanzere?"

Ndinamenya sawasha. Sananame ayi.
Ineyo ndinaikako mnzanga wosewera kumbuyo
bokosi lake litakutidwa ndi mbendera,
ndipo sanafere pa bwalo la mpira.

Komabe usiku, ndikupopa mipira m'sitolo,
ndinawerenga timalemba ta pachikopa:
wosokedwa kutali, kutsidya la nyanja zamchere.
Jombo nazo nzobwera, wezulo ngwobwera,
mankhwala opaka bondo langali
sindingathe nkutchula komwe dzina lake.
Zonsezi zinalowa pa geti
mlonda osazifunsa kwawo.
Amene anabwezedwa ndi yekhayo
wolankhula ngati mwana wa mlongo wanga,
wondiyankha kuti "wawa."

Matimu a m'tauni amakatenga ogoletsa pa ndege,
ife timadikira amene wapambana kuthamanga,
kuyezedwa chifuwa, kuyezedwa msinkhu,
kenako tifunse ngati mwina amadziwako mpira.

Chaka chitatha tinakumana ku Kasungu.
Anatuluka m'basi ya eni masitolo,
jezi yachikasu, nambala 11, jombo zofiira,
pamndandanda atamulemba kuti wakunja.
Wakunja! Mwana woti njinga ikaphwa ku Kapiri
amakankha nkukagona kwawo.

Mphindi ya 71 anamupeza Nkhwazi yemwe uja.
Anamupinda kamodzi, nkumudikira adzuke,
nkumupindanso.
Ukonde unagwedezeka ngati mwalowa nkhuku.

Sanavule jezi, sanavine.
Anayenda mpaka kutsogolo kwa benchi yathu,
naima njo,
namenya sawasha ndi dzanja lamanzere,
zala zili tang'a, chigongono chili pansi.
Ku depoti akanamudumphitsa chule mpaka madzulo.

Bondo langa lakufa lija linadzuka lokha.
Ndinapezeka ndaimirira.
A Meja anandiyang'ana,
ine nkuyamba kufunafuna botolo la madzi
lomwe linali m'manja mwanga.

Fomu ija ndikadali nayo,
ili m'kabati, pansi pa malisiti a malalanje.
Dzina lilipo, zaka zilipo.
Mzere wachitatu ndinausiya choncho,
ndipo chiswe chayamba kale kuudya
kuchokera mbali zonse ziwiri.