Nswala ya ku Mchesi

A Sambakunsi afika Loweruka m'mawa
ndi tochi ndi kabuku ka manambala.
Agwada pafumbi la pabwalo pathu,
buluku loyera lija osalimvera chisoni,
akufunafuna kachitsulo pamphuthu ya chitseko
kamene kakusunga dzina lenileni.

"Shevuleti Impala," akutero,
ngati apeza m'bale wawo mtchona.
"Ya 1960. Taonani mapiko akumbuyowa.
Anaipanga kutsidya kwa nyanja
masiku amene petulo ankamwedwa
ngati thobwa la pachinkhoswe.
Chiwongolero chili kumanja, ndiye kuti inadzera ku Joni."

Zimenezo ndikuzidziwa.
Inabwera ndi bambo anga, a Damaseni,
atatsuka mbale za m'hotela zaka khumi ndi ziwiri.
Masiku asanu pamsewu,
wailesi, mabulangete ndi makina osokera kumpando wakumbuyo.
Lilongwe anali asanakhale likulu.
Anthu anatuluka m'masitolo a amwenye, chenje osawerenga,
kudzaona bwato loyenda pafumbi.

Atsegula boneti. Nkhope yagwa.
"Injini yake ija ili kuti, ya masilinda asanu ndi atatu?"
Inafa chaka cha njala.
Amalume a ku Biwi anaikamo mtima wa Toyota, wadizilo,
ndipo inapumanso zaka zisanu ndi zinayi
mpaka nyengo ija mafuta anasowa,
itagona pamzere masiku atatu,
anyamata a kabaza n'kuikankha kudzafika pano.
"Aaa, mayi, munaiwononga."

Mwina.
Koma m'kabuku kawo mulibe tsamba
la usiku umene ndinabadwira pampando uwu,
pamlatho, tisanafike ku Botomu.
Mulibe maukwati a ku Kawale ndi ku Chilinde,
maliboni pamphuno, hutala ikulira ngati ng'ombe yaikulu.
Mulibe matumba a mtedza a ku Mitundu
amene anapinda masipuling'i.
Mulibe bokosi la bambo anga
lomwe linalowa m'buti kufika m'mapewa,
chitseko tachimanga ndi linya,
iwo akubwerera kwawo pang'onopang'ono
monga anali asanayendetsepo.

Lero yakhala panjerwa.
Mtundu wake wobiriwira wasanduka wa dothi la katondo.
Nkhuku yanga yamawanga imaikira pansi pa chiwongolero.

A Sambakunsi ali ndi zinayi zina ku Eriya 43:
Fodi, Byuwiki, ma Doji awiri,
zonse zofunditsidwa nsalu ngati odwala malungo,
zimaona dzuwa kamodzi pachaka.
Akuti aitanitsa nyali, magalasi, ngakhale timisomali,
adikira miyezi, alipira msonkho osadandaula,
mpaka idzakhale monga inalili
tsiku limene inatuluka m'fakitale.

Ndiye kuti, ndikutero chamumtima,
tsiku limene inali isanatidziwe.

Atchula mtengo. Ndakhala chete,
ndikuwerengera fizi ya Tiyamike ku Bunda,
malata odontha, ngongole ya kubanki m'khonde.
Manyazi sagula makope.

"Koma mpando wakumbuyo utsale," ndikutero.
Aseka. "Tengani. Si wake weniweni umenewo.
Telala wina anaukuta ndi chikopa chabodza."
Telala ameneyo anali mayi anga,
pamakina omwe aja anakwera nawo kuchokera ku Joni.
Sindinawauze.

Lole yabwera Lachiwiri.
Ana a m'dera lonse aithamangira mpaka pamsika,
mapiko aja akugwedera pamwamba pa mitu yawo.
Pabwalo patsala chigamba cha nthaka yotuwa,
njerwa zinayi, banga la oyilo,
ndi nkhuku ikuzungulira, dzira lili m'mimba.

Madzulo ndimakhala pakhonde, pampando uja,
kumanzere, malo a mayi anga,
nkhope kumsewu.
Minibasi zikamadutsa mofulumira
ndimapezeka ndagwira m'mphepete
ngati pali wina kutsogoloku
amene watsala pang'ono kukhota.