Mlatho wa Mchere

Ku Ngabu malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala.
A Zuze aika mabotolo awiri odula pakhosi:
umu zinki, umo mkuwa m'madzi obiriwira ngati thambo.
Pakati ayala kansalu konyika m'madzi a pamjigo wathu,
amchere aja, okana sopo aja.
Lero apeza ntchito: ndiwo mlatho.

Mita yati volti imodzi ndi kanyenyeswa.
Joakina walemba, thukuta lagwera pa nambala.

"Thirani madzi ku mkuwa. Muwasukulutse kakhumi."
Mtundu wafwifwa
ngati yunifolomu yosiyirana pachibale.
Tonse tati basi, yafa imeneyo.
Koma nambala yangotsika pang'ono,
kansonga ka chikhadabo.

Ndakumbuka tiyi wa ku kampu ya Bangula,
Shire atatenga mapira ndi mbuzi:
mayi kuwonjeza madzi, kuwonjezanso,
supuni imodzi ya shuga pakamwa pasanu,
ife n'kudzukabe m'mamawa
kukafukula zitseko m'matope.

Belu lalira. A Zuze akutolera mawaya.
Ine maso akadali pa mita.
Yatsika, inde, ndaona ndekha.
Pa ziro ndiye sinafikepo.