Mayina Odulidwa ndi Lumo

Ine Karam Ilahi, wa mwendo umodzi waufupi,
asilikali anandikana pamzere ku Jhelum.
Ndiye ndinatsalira cholembera ndi botolo la inki
pakhonde la positi, moyang'anana ndi chitsime
chimene ng'ombe yomangidwa m'maso imazungulira tsiku lonse.

Lachinayi thumba limabwera pa njinga ya Nathu.
Amayi amakhala atafika kale,
nsonga za mipango zili m'mano,
ndipo wodziwa zilembo pamudzi pano ndine ndekha.

Chaka chino makalata akuchokera konsekonse.
Fazal Dad ali m'mapiri a ku Italy,
akuti nyulu zake zikutitimira m'matope mpaka m'mimba,
chisanu chamudya chala chakuphazi.
Mng'ono wake Sher Baz ali ku Burma,
kumene misundu imalowa m'nsapato munthu ali chiimire.
Mwana wa woumba mbiya akuti wafika ku Greece.
Tinayang'anana.
Kodi nakonso kuli nkhondo?

Dzina la tauni, dzina la mtsinje, tsiku la mwezi,
wina ku ofesi anazidula ndi lumo.
Ndikakweza pepala kuti ndione bwino
ndimaona diso la mayi wake
likundiyang'ana kudzera pachibowo.

Wailesi ya m'sitolo ya Diwan Chand
ikuti adani akubwerera chambuyo.
Kum'mawa akuthawa, kumadzulo akuthawa,
pazilumba zimene sitinazimvepo akuthawanso.
Ikuti nkhondo yafika kumchira.
Amene analumidwapo ndi chinkhanira anangoti chete.
Mwezi uno wokha matelegalamu asanu ndi awiri,
kuposa dzinja lonse lathali.

Sardaran Bibi ali ndi atatu, aliyense kwake.
Tsiku lina anandigwira mkono:
jambula pansi apa, ndione kumene ali.
Ndinajambula ndi kamtengo zimene ndinakumbukira
za pa mapu ong'ambika a kusukulu,
nyanja apa, mapiri apo, ife pakati.
Anamasula pamfundo ya mpango njere zitatu za tchana,
naziika mmodzimmodzi, akutchula mayina.
Wapafupi ndani?
Ndinati Sher Baz.
Anayeza ndi chikhato, zikhato ziwiri zokha,
nati, ameneyo adzafika tisanamwete tirigu.

Telegalamu inafika tirigu atayamba kufiira.
Sindinaiwerenge mokweza.
Anaona mmene ndinavulira magalasi.

Patapita milungu itatu, Lachinayi,
Nathu anandipatsa envulopu osandiyang'ana.
Zilembo zopendekera zomwe zija,
ine ndemwe ndinamuphunzitsa kugwira pensulo.
Imfa imayenda pa waya.
Moni amayenda pa sitima, amaima pa doko lililonse.

Amayi, ndili bwino, malungo anatha.
Tawoloka mtsinje wa (chibowo)
waukulu katatu kuposa wathu.
Kodi njati ija yabereka?
Ikakhala yaikazi musagulitse.
Muuze Karam Ilahi achepetse mawu akuluakulu,
m'makalata ake sindikumvamo mawu anu.

Anamvetsera mpaka kumapeto,
nati ndibwereze pa njati paja.
Ndinabwereza.
Kenaka anakhala pansi bwinobwino, nakonza mpango,
natulutsa ndalama ya sitampa.
Lemba, anatero.
Yabereka yaikazi, ili ndi banga loyera pamphumi.
Sitigulitsa.
Tirigu timweta ndi ana aakazi, zenga lako ndanola.
Akulu ako sanalembe chiyambire mwezi wa mvula,
ukakumana nawo uwakalipire.

Ndinalemba monga ananenera,
osawonjezapo ngakhale liwu langa limodzi.
Inki inauma msanga, kunali dzuwa.
Kusitolo wailesi inali kutchula mizinda ina yagwa,
mayina olemera, osatheka pa lilime lathu,
anyamata akuwombera m'manja.

Envulopu ili m'thumba la malaya anga mpaka lero.
Nambala yake ya usilikali ndinalemba,
dzina la gulu lake ndinalemba.
Mzere wachitatu ndi umene ukundivuta.