Osadza Nthambi

Ku Oulu dzuwa lalowa isanakwane fili koloko.
Tuovi waweramira makina oonera tinthu tosaoneka,
pansi pa diso lake kachidutswa ka ubongo wa mbewa
ya masiku khumi.

Akutiona, timaselo ta chitetezo cha m'thupi
timene ankatiyesa asilikali chabe.
Muno mulibe nkhondo.
Tikungoyendayenda pakati pa mitsempha yanthete,
kuikhudza, kuinunkhiza,
uwu ukhale, uwu udulidwe,
ngati munthu wosadza mtengo usanaphuke.

Nanga thupi la mayi woyembekezera likatentha,
kodi timaseloti timasadza mopyola?
Kapena timataya chikwanje n'kuthamangira kumoto?

Wakumbuka chimfine cha mwezi wachisanu,
masiku anayi thupi lili juu,
chipale chikukwapula zenera.

Pano Ilmari ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Amandandalika masupuni kuyambira yaitali,
amatseka makutu basi ikamaima.
Dokotala anati chimfinecho sitingachiloze chala.
Mbewa si mwana.

Wazimitsa nyale ya makina.
Kunyumba wampeza pakhomo, nsapato imodzi kuphazi,
atamusungira kasupuni kakang'ono kaja
koti mayi aike okha kumapeto.