Lachisanu ku Makata

Pomwe panali masitepe atatu
anawakapo kanjira kotsetsereka.
Sekerani amakwera yekha pa njinga yake,
sadikiranso mlonda kuti amunyamule
ngati thumba la feteleza.
Mwano wokha sunasinthe:
akuti ndimawerenga makatoni ngati nkhuku yotola mapira.

Kuseri kwa mosungira katundu
kuli kachipinda kopanda chikwangwani.
Mayi Nasibeko amakhalamo Lachiwiri,
safunsa za ovataimu.
Ndinalowamo mu Juni, titaika mkazi wanga,
ndinanama kuti ndadzabwereka cholembera.
Ndinatuluka belu la nkhomaliro litalira kale,
kolala ili chinyowere,
cholembera ndinachiiwala.

Lero makina azimitsidwa.
Lole yatitula ku Chilobwe, m'tsinde mwa Soche,
tonse m'malaya ofanana, abwana awo akuwathina pamimba.
Ndinkati n'zongojambulitsa izi,
mawa tidzione m'nyuzi.
Koma wojambula wachoka dzuwa lisanakwere,
abwana akadali m'ngalande, matope lekeza m'maondo,
akufunsa wokolopa maofesi
kagwiridwe ka fosholo.

Sekerani ali pamthunzi wa kalasi,
akukhoma desiki yothyoka mwendo.
Kamtsikana kena kamuyang'anitsitsa, kayang'ana matayala,
kenaka n'kumupatsira msomali.

Tisanamizane, malipiro ndi omwe aja,
minibasi ya ku Ndirande yakweranso mtengo,
landilodi sadziwa zongodzipereka.
Komabe madzulo ano ndikutsika pa siteji
ndi dothi la phiri la eni m'zikhadabo,
msana ukuwawa mokoma,
ndipo m'nyumba mwanga mwa zii muja
sindifulumira kusamba.