Mpando wa Ilmari

Galimoto iyi anasankha ndi Ilmari.
Ine ndinkafuna yofiira, yaing'ono, yosavuta poimika.
Iye anati ayi: ilowe ana atatu, galu ndi zibonga za hoke,
ikhale yanjoo, yokoka ndi matayala onse anayi.
Buku lake analiwerenga milungu iwiri,
pensulo ili kukhutu, khofi akuzizira.
Ine sindinalitsegulepo. Likadali m'kabokosi
pamodzi ndi magolovesi ake
ndi lisiti la mafuta la chaka chatha.

Lachisanu, msewu wa ku Kuusamo.
Ikadali thuu koloko koma dzuwa latsanzika kale.
Chipale chili mbee uku ndi uku,
mitengo ya paini yawerama ngati anthu pamaliro,
misomali ya matayala ikukukuta ayezi, kurr, kurr.
Kumbuyo Vilho ndi Saana akulimbirana chingwe cha foni.
Tuuli wagona m'kampando kake koyang'ana kumbuyo,
zomangira zake ndinazikoka kawiri, katatu,
mpaka chala chimodzi chokha n'kumalowa.

Pampando wa Ilmari ndaika thumba la mbatata,
makilo khumi ndi asanu, la apongozi.
Galimoto yayamba: pii, pii, pii,
kanyali kofiira, kamunthu kopanda lamba.
Ndaitukwana chamumtima.
Vilho, osadzutsa n'komwe mutu:
"Ikuyesa ndi ababa."

M'galimoto monse zii.
Ndapatuka, ndayatsa nyali zophethira,
ndatambasula dzanja, ndaimanga lamba mbatata ija.
Khethe!
Yakhala chete, yakhutira.
Palibe waseka. Kenaka Saana waseka, tonse taseka,
kuseka kwina kuja kotuluka ndi mamina.

Galimoto iyi ndi yolongolola.
Ndikapondako mzere, chiwongolero chimanjenjemera m'manja.
Wina akabisala kumbali kwanga, kalilole amatsinzinira chikasu.
Ndikamabwerera m'mbuyo imandionetsa mpanda pakagalasi
ngati mpandawo sindinaupente ndekha.
Ndakhala ndikufunafuna batani loitseka pakamwa.

Titangodutsa pa Taivalkoski
lamba wandikoka pachifuwa, gwi!
phazi langa lisanaganize kanthu.
Galimoto yaona ine ndisanaone.
Chinyama chija timati hirvi,
miyendo ngati nsanamira, nyanga ngati mafosholo awiri,
chaima ndii pakati pa msewu, nthunzi ikufuka m'mphuno.
Ndaponda. Buleki ikugunda pansi pa nsapato, gu-gu-gu-gu,
ndipo mawu ake, a m'khichini muja, a pensulo kukhutu:
"Ikamanjenjemera usachotse phazi, Kaisu.
Ikugwira ntchito. Ponda ndithu, uziwongola."
Ndaponda ndithu.

Taima.
Pakati pa ife ndi icho pangagone munthu mmodzi, wamfupi.
Chatiyang'ana ngati tili nacho ngongole,
n'kuwoloka mosafulumira, mwendo umodziumodzi,
mdima wa m'nkhalango n'kuchimeza.

Ndawerenga mitu pakalilole.
Vilho. Saana. Galu wagwera pansi, akudzikung'untha.
Tuuli akuyamwabe chala, sanamve kanthu.
Zibaluni za mpweya zikadali m'zipupa mwake,
zopindidwa bwino ngati nsalu zosavalidwa,
ndipo zikhale momwemo mpaka galimoto idzawole.
Mbatata sinagwe ngakhale imodzi.

Manja anga okha ndiwo akukana kumvera.
Ndayenda pang'onopang'ono, fote, fifite,
malole akundipitirira, akundimwaza chipale kumaso.
Patapita mphindi makumi awiri
kachithunzi ka kapu kayaka patsogolo panga:
mwatopa, pumulani.

Kale ndikanati, iwe chitsulo, ukudziwa chiyani za kutopa?
Lero ndakhota pa malo omwetsera mafuta,
ndagulira ana mabanzi a sinamoni,
ndatsala ndekha m'galimoto, injini ikupuma.
Ndatsegula kabokosi. Ndatulutsa buku lija.
Tsamba la mabuleki analipinda pakona,
ndipo m'mphepete, ndi zilembo zake zopendekeka,
analemba mawu awiri okha:
kumuuza Kaisu.